Batani la Auto Level pa kalavani ya fifth-wheel: zomwe limachita ndi zomwe limakusiyirani

Ku America ndi ku Canada, makalavani akuluakulu ambiri amene akugulitsidwa masiku ano amabwera ndi majeke odziyendetsa okha. Wogulitsa amakuonetsani batani limodzi lolembedwa kuti Auto Level, n'kukuuzani kuti mukafika pogona mungolidina, kalavani ikhazikika yokha. Sakunama, koma sakunena zonse. Pa ulendo woyamba ambiri amadabwa makinawo ataima pakati pa ntchito n'kulemba uthenga wa vuto, kapena atalemba kuti amaliza bwinobwino koma chitseko cha kubafa chikungodzitsekukira, kapenanso matayala a mbali imodzi ali m'malere. Nthawi zambiri palibe chomwe chawonongeka. Makinawa amadalira zinthu zitatu zimene sangazikonze okha: nthaka imene mwaimikapo, mphamvu ya batire, ndi muyezo umene anauzidwa kuti ndiwo levulo.

Kalavani yake ndi yotani

Fifth-wheel ndi kalavani yokokedwa ndi pikapu yaikulu, koma cholumikizira chake sichili kubampala. Chili m'bodi ya pikapuyo, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Kumphuno kwa kalavani kuli chitsulo chobulungira chonenepa mainchesi 2, chotchedwa kingpin, chimene chimalowa m'kamwa mwa mbale yachitsulo n'kugwidwa. Malumikizidwe ake ndi omwe aja a mathiraki okoka ngolo amene amadutsa mumsewu wa M1. Makalavani otere amatalika mamita 8 mpaka 13, ndipo akuluakulu amapitirira matani 7 akapakiridwa. Pa kulemera konseko, maperesenti 15 mpaka 25 amatsamira pa kingpin. Pikapu ikangochoka, katundu ameneyu amatsikira pa miyendo iwiri yakutsogolo, imene eni ake amati landing gear.

Kale ntchito yokhazika kalavani inali ya manja. Munthu ankayala matabwa pansi pa matayala a mbali yotsika, kukwezapo kalavani ndi pikapu, kuyeza ndi levulo, kubwerezanso mpaka zitheke, kenako n'kukweza kapena kutsitsa mphuno ndi miyendo yakutsogolo. Makina a lero amachita zimenezi m'mphindi zochepa. Ofala kwambiri ndi a kampani ya Lippert ya ku Elkhart m'chigawo cha Indiana, dera limene kumapangidwa makalavani ambiri a ku America. Iwo ali ndi Ground Control 3.0 yoyendera mamota amagetsi ndi Level Up yoyendera oyilo wopopedwa. Palinso EQ Systems (kale Equalizer Systems), Bigfoot ya ku Michigan, ndi BAL. Mabatani amasiyana, koma maganizo ake ndi amodzi.

Kupendekera pang'ono kumawononga chiyani

Choyamba chimene anthu amatchula ndi filiji. Makalavani ambiri ali ndi filiji yoyendera gasi kapena magetsi imene ilibe kompuresa. M'mapaipi ake mumazungulira amoniya, madzi ndi mpweya wa hydrogen, ndipo madziwo amabwerera pansi ndi kulemera kwawo kokha, mopanda pampu. Filiji ikapendekera kwambiri ili yoyaka, madzi amadikha pena, pophikira pake pamatentha mopitirira, ndipo mankhwala oteteza dzimbiri a sodium chromate amauma n'kuyamba kutseka kapaipi. Zikatero sizibwereranso. Kampani yopanga mafiliji ya Norcold inaika malire a madigiri 3 kumanja ndi kumanzere, ndi madigiri 6 kutsogolo ndi kumbuyo, munthu ataima moyang'ana chitseko cha filijiyo. Popeza filiji nthawi zambiri imatsamira khoma lam'mbali, madigiri 3 aja ndi a m'litali mwa kalavani.

Kunena zoona, malire amenewa ndi otakasuka. Digiri imodzi yokha pa kalavani ya mamita 12 ikutanthauza kuti mphuno ndi kumbuyo zasiyana ndi masentimita pafupifupi 21, ndipo m'lifupi mwa mamita 2.5 ndi masentimita 4 ndi pang'ono. Munthu amayamba kudandaula kuti akugubuduka pabedi filiji isanafike pangozi. Ndiponso makalavani atsopano ambiri akubwera ndi mafiliji a kompuresa amene kupendekera sikuwavutitsa kwenikweni.

Chimene chimavutika msanga ndi zipinda zotulukira m'mbali, zija amati slide-out. Chipinda chotere ndi bokosi lolemera loyenda pabowo lalikulu la khoma. Chasisi, ndiye chimango chachitsulo chonyamula nyumba yonseyo, ikapotoka pang'ono chabe, bowolo limaleka kukhala la ngodya zowongoka. Chipinda chimayenda mokhula, mota imalemedwa, ndipo labala wotchinga mvula sagwira mofanana mbali zonse. Madzi a m'bafa nawo amadikha pakona m'malo molowa m'paipi, ndipo geji ya mathanki imanama.

Zomwe zili pansi pa kalavani

Makinawa ali ndi majeke 4 kapena 6: awiri kutsogolo, awiri kuseri kwa matayala, ndipo pa makalavani aatali awiri ena kutsogolo kwa matayala. Pali kabokosi ka kompyuta, sensa yoyeza kupendekera (mitundu ina ili ndi ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo), ndi kabolodi ka mabatani kamene kamakhala m'kachipinda kosungiramo katundu kutsogolo. Atsopano amathanso kulamulidwa pafoni, monga ndi pulogalamu ya Lippert yotchedwa OneControl. Zonsezi zimadya magetsi a batire ya ma volt 12.

Pa majeke amagetsi, mwendo uliwonse uli ndi mota yakeyake imene imazunguza chitsulo cha mazinga. M'motamo muli kasensa kowerenga kuti yazungulira kangati, ndipo kompyuta imadziwira pamenepo kuti mwendo watuluka motalika bwanji. Simauona mwendowo, imangowerengera. Kuwerengaku kukasokonekera, monga batire ikafooka ntchito ili mkati, kompyuta imasochera n'kukana kupitiriza. Miyendo yakutsogolo ya mtundu umenewu imakhala ndi mwendo wina wamkati umene mumautsitsa ndi manja mutasolola pini.

Pa majeke a oyilo pali pampu imodzi, thanki yaing'ono, ndi mavalavu otsegulidwa ndi magetsi amene amalozera oyilo ku jeke yofunika. Ndi achangu ndiponso amphamvu, n'chifukwa chake amaikidwa pa makalavani olemera. Pa Level Up ya majeke 6, jeke yapakati ndi yakumbuyo ya mbali imodzi zimamwa paipi imodzi, choncho zimagawana katundu zokha. Imodzi ikhoza kugunda pansi inzake isanayambe n'komwe kutsika. Si vuto limenelo, oyilo amayamba wapita kumene kuli kopepuka.

Mphika pa mafuwa atatu sugwedera ngakhale mafuwawo asiyane msinkhu, umangopendekera. Mukaonjezera fuwa lachinayi, limodzi limatsala losagunda. Ndiye vuto limene kompyuta ili nalo. Kukweza kona imodzi yokha ya kalavani kumapotoza chasisi, motero imayendetsa majeke awiriawiri: akutsogolo limodzi, a mbali imodzi limodzi. Mukadina Auto Level, pa mitundu yambiri mphuno imayamba yatsika kupitirira levulo. Kenako majeke akumbuyo amatsika mpaka kugunda nthaka, makina amawongola m'litali, amawongola m'lifupi, n'kumalizira ndi kugunditsa mwendo uliwonse kuti pasakhale wongolendewera. Pa Ground Control 3.0 ya majeke 6, apakati aja sakweza kalavani, amangogunda pansi pomaliza kuti ichepe kugwedezeka.

Kutsika kwa mphuno koyambirira kuja ndi kumene kwaphwanya mabodi a mapikapu ambiri. Pakati pa makoma a bodi ndi pansi pa mphuno ya kalavani pamakhala mpata wa masentimita 15 chabe kapena kuposerapo pang'ono. Pikapu ikakhala isanatulukiretu, kalavani imakhala pabodipo.

Mukafika pamalo

Ntchito imayamba musanamasule pikapu. Tsikani muone malowo. Ngati mbali imodzi yatsika ndi masentimita oposa 7 kapena 8, musawasiyire makina. Majeke amakweza chasisi, sakweza matayala, ndiye kuti afikitse levulo adzanyamula mbali yotsikayo mpaka matayala ake atasiya nthaka. Opanga makinawa amaletsa zimenezi. Kalavani ilibe buleki yoimikira ngati ya galimoto. Mabuleki ake ndi amagetsi ndipo amagwira pokhapokha akulandira magetsi, choncho chimene chikuigwira kuti isatsetsereke ndi matayala ali pansi ndi zipika zimene mwawatsekera nazo. Kwezani kaye matayala a mbali yotsikayo pa matabwa kapena pa zokwezera zapulasitiki. Za Lynx Levelers zimakweza inchi imodzi chilichonse, ndipo zokhota za Andersen zimafika mainchesi 4. Makina adzangomalizitsa chotsalacho.

Tsekani matayala mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Ena amasolola pini ya buleki yangozi, ija imamanga mabuleki kalavani ikaduka pamsewu, poganiza kuti ikhala ngati buleki yoimikira. Zimenezo zimatha batire ndi kutenthetsa maginito a mabuleki.

Kenako yalani zopondera pansi pa majeke. Phazi la jeke nthawi zambiri ndi mbale ya masentimita pafupifupi 23 m'mimba mwake. Likanyamula makilogalamu 1,400, sikweya sentimita iliyonse ya nthaka imasenza makilogalamu oposa 3. Thabwa lochindikala la masentimita 40 mbali zonse limatsitsa katunduyo kufika pochepera kilogalamu imodzi. Pa udzu, pamchenga, ngakhale pa phula dzuwa likaswa mtengo, kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti m'mawa muipeze kalavani ili momwe munaisiyira. Zopondera zimathandizanso pa china: jeke ikatuluka motalika kwambiri imagwedera, ndipo ili ndi polekezera. Kumene nthaka yatsika, sanjikizani matabwa kuti jeke iyende mtunda waufupi.

Pali msampha wina pamenepa. Mukasanjikiza matabwa ambiri pansi pa miyendo yakutsogolo, kapena mukatsitsa kwambiri mwendo wamkati wa pini uja, mphuno imasowa kotsikira. Makina amafuna kuitsitsa, miyendo yafupika kale mpaka pamapeto, ndiye amaima n'kulemba vuto. Zimachitika kwambiri pamalo pamene kutsogolo n'kokwera. Pamalo otere kutsogolo kumafuna thabwa limodzi lopyapyala basi, matabwa ambiri apite kumbuyo.

Tsopano yatsani kabolodi, dinani FRONT mpaka miyendo itagunda pansi n'kunyamula kulemera kuchoka pa pikapu. Mudzaona masipuling'i a pikapu akumasuka ndipo kampata kowonda kakuoneka pakati pa mbale ya kalavani ndi mbale ya pikapu. Lekerani pomwepo. Zulani chingwe cha magetsi ndi kawaya ka buleki yangozi, tsitsani chitseko cha bodi, tsegulani cholumikizira, yendetsani pikapu ituluke yonse. Musatsitse mphuno ndi manja musanadine Auto Level. Makina a Lippert amasunga msinkhu umene mphuno inali pamene munadina batanilo kuti adzaibwezerepo tsiku lonyamuka, koma amatero pokhapokha mphuno inali pamwamba pa levulo. Ikakhala pansi, tsiku lonyamukalo adzakana kuibwezera pa msinkhuwo n'kukulemberani kuti Feature Disabled.

Makina akamagwira ntchito, m'kalavani musakhale munthu kapena galu woyendayenda. Sensa imamva kugwedezeka kulikonse, ndipo imayamba kuwongola chinthu chimene sichinapendekere. Akamaliza, zungulirani kalavani muone ndi maso kuti phazi lililonse lagunda pakati pa chopondera chake ndipo matayala onse akadali pansi. Zipika zimene munatsekera matayala zimakhala zitamasuka chifukwa chasisi yakwera, zikankhireninso. Zipinda zam'mbali zimatulutsidwa pambuyo pa zonsezi, pokhapokha buku la kalavani yanu litanena zosiyana. Ngati pakapita masiku nthaka yatitimira ndipo mukufuna kuwongolanso, bwezani kaye zipindazo mkati.

Makina akati zatheka koma diso likukana

Sensa siidziwa levulo mwachibadwa. Ku fakitale kapena kwa wogulitsa, munthu wina anaimika kalavaniyo, n'kuuza kompyuta kuti pamenepa ndiye pa ziro. Ngati tsiku limenelo kalavani inali yopendekera, makina adzaibwezera pa kupendekera komweko kulikonse kumene mungapite, n'kumalemba kuti zayenda bwino. Zimachitikanso sensa ikasunthika chifukwa bawuti yamasuka kapena katundu waigunda.

Kukonza kwake n'kosavuta. Ikani makina pa Manual Mode, ikani levulo yaitali ya amisiri omanga pansi pakati pa kalavani, ndipo yendetsani majeke mpaka kathovu kakhale pakati m'litali ndi m'lifupi momwe. Yezani malo awiri kapena atatu, chifukwa pansi pa kalavani sipakhala posalala mofanana ponseponse, ndipo pamwamba pa kabati ya kukhitchini si pokhulupirika. Zimitsani kabolodi, kenako dinani FRONT ka 5 ndi REAR ka 5 pa Ground Control 3.0, kapena ka 10 ndi ka 10 pa Level Up. Pagalasi padzalembedwa Zero Point Calibration. Dinani ENTER, ndipo musagwedeze kalavani mpaka itavomereza. Ena amasiya dala mphuno yokwera pang'ono kwambiri kuti madzi a mvula ndi a makina oziziritsa mpweya azitsikira kumbuyo kwa denga. Ndi nkhani ya kukonda, bola zisafike pomveka ndi mapazi.

Batire ndi mauthenga a vuto

Pa mavuto onse a makinawa, ochuluka amachokera ku batire. Batire wamba ya asidi ikadzaza imaonetsa ma volt 12.6 kapena 12.7 ili chete, ndipo ikafika cha m'ma 12.1 ndiye kuti yatha theka. Koma nambala imene ili yofunika ndi ya pamene mota ikukoka. Batire yokalamba imatha kuonetsa 12.5 n'kugwa kwambiri pampu ikangoyamba, ndipo kompyuta imalemba Low Voltage. Kulumikiza kalavani ku magetsi a pakampu kumathandiza, koma chaja ya m'kalavani payokha siikwanitsa kudyetsa pampu, batire iyenera kukhalapo ndithu ndiponso yamoyo. Chingwe chochokera ku pikapu chimapereka magetsi ochepa kwambiri. Musanaganize zogula batire ina, onani mitu yake ngati ili ndi dzimbiri, onani waya wopita ku chasisi ngati wamanga, ndi swichi yodula batire ngati sinadule magetsi.

Pa majeke a oyilo pali chizindikiro china chodziwika: pampu imayenda masekondi angapo, imaima, imayambanso yokha. Kawirikawiri ndi buleka (chodula magetsi akachuluka) yodzibwezera yokha imene ili pakati pa batire ndi pampu. Makalavani ena anatuluka ndi buleka ya ma amp 50, imene imadula pampu ikalemedwa makamaka kukazizira, ndipo eni ake ambiri amaika ya ma amp 80. Kusinthaku n'koyenera pokhapokha waya wake ali wonenepa mokwanira ma amp amenewo, apo ayi waya ndiye asanduka fyuzi.

Excess Angle ikutanthauza kuti malowo apendekera kuposa momwe makina amalolera. Out of Stroke ikutanthauza kuti jeke ina yatuluka mpaka pamapeto isanafikitse levulo. Zonse ziwiri mankhwala ake ndi matabwa kapena kusuntha kalavani, kudinanso batani sikusintha kanthu. Ground Control 3.0 ikalemba vuto lotchula jeke imodzi, monga LF Jack (yakutsogolo kumanzere), nthawi zambiri kuwerenga kuja kwasokonekera. Mukathana ndi gwero lake, tulutsani jeke iliyonse mainchesi osachepera 6, kenako gwirani RETRACT mpaka majeke atayamba kubwerera onse, kuti kompyuta ipezenso poyambira. Dziwani kuti pamenepa miyendo yakutsogolo nayo imabwerera. Chitani zimenezi kalavani ili pa pikapu, kapena mutatsimikiza kuti mphuno ikatsika mpaka pansi siigunda chilichonse.

Kusamala za oyilo

Makina a Lippert amagwiritsa ntchito oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, wa mtundu wa Dexron III kapena Mercon V. Muyezo wake umaonedwa majeke onse atabwerera, pamodzi ndi zipinda zam'mbali ngati nazo zimayendera pampu yomweyo, ndipo oyilo amayenera kufika pafupi ndi kukamwa kwa thanki. Mukathira majeke ali pansi, thanki imaoneka yoperewera chifukwa oyilo ali m'majekemo, ndipo pobwerera adzasefukira m'kachipinda monse.

Kulira kwa "pho!" usiku, ngati wina wamenya chasisi ndi hamala, kumaopsa koma si kusweka. Kunja kukazizira oyilo amanyala pang'ono, labala wa m'jeke amakakamira pachitsulo kenako n'kulumpha. Oyilo wa mafoloko a njinga yamoto wa giredi 15, wothiridwa m'thanki mutachotsamo muyezo wofanana wa oyilo wakale, ndi amene amathetsa phokosoli. Jeke imene ikutsika yokha pang'onopang'ono, muli pakampu kapena pamsewu, ndi nkhani ina. Imeneyo ili ndi labala wamkati wodutsitsa oyilo kapena valavu yosatsekeka bwino, ndipo imafuna mmisiri. Zitsulo zonyezimira za majeke zipukuteni n'kuzipopera silikoni zikakhala panja nthawi yaitali, makamaka kufupi ndi nyanja yamchere.

Majeke amenewa ali ndi mphamvu zonyamula kalavani yonse, ndipo n'chifukwa chake anthu amakopeka kusinthira tayala kapena kulowa pansi ili pa majeke okha. Paipi imodzi ikaphulika, mbali yonse imagwa nthawi yomweyo. Wolowa pansi aike zochirikiza zachitsulo pansi pa chasisi.

Tsiku lonyamuka, ndi tsiku limene makina afa

Bwezani zipinda zam'mbali, kenako pa kabolodi ka Lippert dinani LEFT ndi RIGHT nthawi imodzi. Majeke akumbuyo amabwerera, mphuno n'kukwera kufika pa msinkhu umene munamasulira. Msinkhu umenewo ndi poyambira chabe, chifukwa pikapu ikhoza kukhala ndi katundu wina kapena kuponda pena. Mbale ya kalavani iyenera kukhala pansi pang'ono pa mbale ya pikapu, ngati sentimita imodzi kapena ziwiri, kuti pobwerera m'mbuyo ikwere motsetsereka. Ikakhala pamwamba, kingpin imatha kukhala pamwamba pa zogwirira m'malo molowa mkati, chogwirira n'kuoneka ngati chatseka. Mukalumikiza, kwezani miyendo masentimita 2 kapena 3 okha kuchoka pansi, mangani mabuleki a kalavani ndi dzanja kuchokera m'pikapu, n'kukoka pang'ono. Ngati sinagwire, kalavani idzagwera pa miyendo yake osati pabodi. Mukatsimikiza, bwezani miyendo yonse ndipo muione ndi maso, musangodalira nyali ya pakabolodi.

Makina akakaniratu majeke ali pansi, pali njira ya manja. Pa amagetsi, mota iliyonse ili ndi mutu wobisika pansi pa kachivindikiro ka labala, umene mumauzunguza ndi sipanala ya soketi kapena dirilo ya batire mutazula kaye waya wa motayo. Dirilo yomenya, ija yomasulira mabawuti a matayala, imathyola magiya, musaigwiritse ntchito. Pa a oyilo, mumatsegula valavu ya majeke amene mukufuna ndi kiyi wa Allen wa inchi 5/32, n'kuzunguza mota ya pampu ndi dirilo kudzera kumapeto kwake. Mbali imodzi imatulutsa majeke, inayo imabweza. Mukamaliza, bwezani valavuyo momwe inalili mosaumiriza, chifukwa ikatsala yotsegula jeke idzatsika yokha muli paliwiro pamsewu. Pa kalavani zina mavalavu ndi mota zimabisika kuseri kwa batire kapena kwa thabwa lomangidwa ndi masikuluwu, choncho kiyi wa Allen, soketi yoyenera ndi sikuludiraiva zizikhala m'kachipinda komweko.